Madzi Ophika a Doña Hermelinda

Doña Hermelinda Uchuya ndi komadre wanga. Timaitanana choncho chifukwa ndine ndinanyamula mwana wawo Nilda pa ubatizo, chaka chomwe ndinafika ku Santa Rufina kudzaphunzitsa, ndili mtsikana wosadziwa n'kumanga bulu komwe. Kuyambira pamenepo pakhomo pawo sindiodira.

Iwo anabadwira m'mphepete mwa ngalande yomwe imadutsa pakati pa mudzi wathu, ndipo sanasamukepo. Sukulu sanaipondeko. Atangofika msinkhu woti n'kukoka thumba, anayamba kutola thonje m'minda ya eni ake, ndipo msana wawo unapindika kalekale ngati chikwakwa. Anakwatiwa ndi Don Eleuterio Anicama, bambo wamtali, wosatha nthabwala, amene ntchito yawo ndi kutsegula ndi kutseka madzi a m'ngalande kuti alowe m'minda ya thonje ndi ya mphesa. Anabereka ana asanu ndi anayi. Anayi anawaika m'manda asanayambe n'kuyenda komwe.

Anayi onsewo anapita nyengo imodzi ngakhale zaka zinali zosiyana: nyengo yotentha, pamene madzi atsopano amatsika kuchokera kumapiri. Kuno mvula sigwa, choncho tsiku limene madzi ofiirawo afika m'ngalande mudzi wonse umathamangira kukawalonjera, ana kudumphiramo, amayi kudzaza mitsuko. Pakangopita masabata ochepa makanda amayamba kutsegula m'mimba. Ena ankati ndi mano akumera, ena ankati ndi dzuwa, ena ankati wina wamuyang'ana mwanayo ndi diso loipa. Hermelinda sankatsutsana ndi aliyense. Ankangochita zimene mayi aliyense kuno amachita mwana akadwala: kutereka mphika, kuphika madzi, kuponyamo kakhungwa ka sinamoni, ndi kumamwetsa mwanayo ndi supuni mpaka ataleka kumeza.

Pajatu kwathu kuno madzi alipo a mitundu iwiri, aawisi ndi ophika. Aawisi ndi a munthu wathanzi, amene amatunga mumtsuko n'kumwa ali chiimire. Ophika ndi a wodwala, a mayi amene wangobereka kumene, ndi a nkhalamba imene ikuyembekeza wansembe. Kupatsa munthu wabwinobwino madzi ophika n'chimodzimodzi kumuuza kuti nkhope yake yasintha.

Ine ndakhala ndikuphunzitsa za tizilombo ta m'madzi zaka zonsezi. Ndimatijambula pabolodi, timichira n'kutalikitsa dala kuti ana aseke. Amaloweza bwinobwino kuti tizilomboti sitioneka ndi maso, kuti timachokera m'chimbudzi cha munthu wodwala, kuti timafa madzi akawira. Mayeso amakhoza. Belu likalira amathamangira kungalande n'kugwada mondondozana ngati ana a mbuzi. Sindinawakwiyirepo. Kumakhala kukutentha, ndipo makolo awo amamwa momwemo.

Nilda anali mmodzi mwa ana anga a m'kalasi akuthwa mutu. Atakula anapita kulikulu la dziko, ku Lima, kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo kumeneko anabereka mwana wamkazi, Charo, bambo wake osaoneka. Mabwana sankafuna mwana pakhomo, choncho Charo atangoleka kuyamwa, Nilda anadzamusiya kwa agogo ake. Hermelinda anandiuza tsiku lina kuti mwa ana onse amene analera, uyu yekha ndi amene anapeza mpata womuyang'ana kumaso. Enawo anakulira pamthunzi wa thumba lopachika pandodo, kumapeto kwa mzere wa thonje, mayi ali uko chiweramire. Koma Charo ankamudziwa mpaka tsiku limene dzino lake layamba kugwedera. Mwanayo ankawapesa imvi, ankapatsa nkhuku mayina a anthu a m'mudzi, ndipo ankabwera pawindo la kalasi yanga kudzasuzumira, chibwano atachikhazika panjerwa. Anayenera kuyamba sukulu mu Epulo 1991. Malo ndinali nditamusankhira kale kutsogolo, poti anali wamfupi.

Mu Febuluwale chaka chomwecho wailesi inayamba kunena za kolera. Matendawo anayambira kumadoko a kumpoto, ndipo tsiku lililonse tinkamva dzina la tauni ina yoyandikira kuposa ya dzulo. Ankati munthu amadzuka bwinobwino, koma pofika madzulo wauma ngati mphesa yoyanika. Ankati tisadye nsomba yaiwisi, tizisamba m'manja, tiziphitsa madzi akumwa.

Lamlungu lina Nilda anatsika basi kumsewu waukulu n'kuyenda wapansi mpaka kumudzi, chikwama chopanda kanthu chili m'manja. Anabwera kudzatenga mwana wake. Don Eleuterio anadzandiitana, amvekere, "Komadre, tiyeni mukazimitse moto, akazi awiri aja andithamangitsa m'nyumba mwanga momwe."

Ndinawapeza atakhala pakhonde, wina kuyang'ana uku wina uko. Hermelinda ankafunsa kuti mwanayo azikakhala ndi yani masana m'kanyumba ka mphasa pamwamba pa phiri la mchenga, mayi ake ali kuntchito. Nilda ankati pali mayi woyandikana naye amene amasunga ana, kuti madzi ake amathiramo mankhwala monga anamuphunzitsira abwana ake aakazi, ndiponso kuti chipatala chachikulu chili pafupi. Kenaka anatsitsa mawu.

"Amayi, ine ndinali wamkulu kale pamene tinkaika mlongo wanga Pascualito. Bokosi lake abambo analinyamula m'khwapa. Wangayu ayi."

Hermelinda anakonza mpango wawo, n'kunena chapansipansi kuti, "Ukamutenga, ine ndizidzukira chiyani?"

Anakambirana mpaka mthunzi unachoka pakhonde. Pomaliza Nilda anagonja, koma anaika lamulo, ndipo anafuna kuti ine ndikhale mboni. Charo asamwe ngakhale dontho la madzi aawisi. Zikadzalephereka, adzamutenga, ndipo sipadzakhalanso kukambirana. Hermelinda analonjeza, dzanja lili pachifuwa. Nilda anabwerera ku Lima ndi chikwama chake chopanda kanthu.

Amene sanakhaleko kuno sangadziwe kuti kuphika madzi tsiku ndi tsiku n'chiyani. Mitengo tilibe. Palafini chaka chimenecho ankasowa. Ziputu za thonje zimayaka ngati pepala, mphika usanayambe n'kulira komwe zatha. Choncho Hermelinda, pa ukalamba wawo, anayamba kumapita ndi bulu kutali mumtsinje wouma kukatola tinthambi ndi mizu, n'kubwerako dzuwa litakwera, mapazi atapsa ndi mchenga. M'mawa uliwonse utsi unkafuka kuseri kwa nyumba yawo. Ndinkauona ndili pakhomo panga, mtima n'kukhala pansi.

Amayi akungalande sanawasiye. "Kwanu kwadwala ndani, Doña Herme? Kapena Don Eleuterio abereka mapasa?" Iwo ankangomwetulira n'kusenza mtsuko wawo. Kunyumba nako kunali nkhondo ina, poti mwamuna wawo anakanitsitsa kulawa madziwo.

"Nkhalamba inu, madzi akufawa mukapatse a kumanda. Ine ngalande imeneyi ndinayamba kumwa ndili m'mimba mwa amayi anga."

"N'chifukwa chake nzeru zanu zili matope okhaokha," anatero Hermelinda, akukupiza moto.

Anawaleka amuna awo azimwa ndi chipewa chawo kumunda monga mwa masiku onse. Mphamvu zolimbana ndi anthu awiri analibe. Zonse anaziika pa mwana. Charo anamuletsa kusewera kungalande, anamusokera kathumba konyamulira botolo lake, ndipo zipatso ankamusendera okha.

Kolera inafika m'mudzi mwathu kumayambiriro kwa Malichi. Anayamba ndi bambo wina amene anachokera kudoko, kenaka banja la kumtunda kwa ngalande, kenaka tinaleka kufunsa kuti waitenga kuti. Kachipatala kathu kali ndi namwino mmodzi, ndipo poti sukulu inali isanatsegulidwe, ndinkapita kukamuthandiza kusungunula mchere ndi shuga m'madzi owiritsa, ndi kumwetsa odwala amene ankatha kumeza. Mabedi anali a matabwa obooledwa pakati, chidebe pansi. Fungo la mankhwala ochapira linkatitsatira mpaka m'zakudya.

M'mawa wina, mwezi ukupita kumapeto, ndinaona Don Eleuterio akubwera chothamanga, bulu atamusiya m'njira chifukwa ankachedwa, Charo ali m'manja. Hermelinda ankabwera m'mbuyo, atagwira m'chiuno. Mwanayo maso anali atalowa, milomo itauma, ndipo zimene zinkatuluka m'mimba mwake zinali zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Namwino anavutika kupeza mtsempha. Ataupeza anapachika diripi pamsomali, ndipo anatiuza kuti tsopano n'kudikira basi. Tinatumiza uthenga kwa Nilda kudzera mwa woyendetsa basi.

Tsiku limenelo ndi lotsatira lake Hermelinda sanachoke pambali pa bedi. Sanalire. Ankangotsina khungu la padzanja la mwanayo pang'onopang'ono, monga anaonera namwino akuchitira, n'kumayang'ana ngati libwerere. Poyamba linkaima chiimire. Kenaka linayamba kubwerera. Masana a tsiku lachiwirilo Charo anatsegula maso n'kufunsa ngati nkhuku yake Doña Felícita yaikira. Namwino anaseka, nati mwana wofunsa za nkhuku safa.

Ndinawakakamiza komadre wanga kuti apite kunyumba akagone pang'ono, ndipo ndinawaperekeza kuti asabwerere m'njira. Tinayenda dzuwa likuswa mtengo. Titalowa m'khitchini anati ndisapite kukhosi kuli gwa. Anavundukula mphika wa madzi ophika, nathira m'kapu mpaka pafupi kudzaza. Kenaka, akundiuza za bulangete loti atengere mwana, osayang'ana n'komwe, anatembenukira ku mtsuko waukulu wa pakona, uja wa madzi a m'ngalande, anatungamo pang'ono ndi chikho, nathira pamwamba. Anandipatsa ndi manja awiri.

Ndinalandira kapuyo, koma sindinamwe.

"Mwatani pamenepa, komadre?"

"Ndawadzutsa," anatero, akudabwa kuti ndikufunsa. "Inu simukudwala."

Anandilongosolera monga munthu amalongosolera mlendo chinthu chodziwa ndi ana omwe. Madzi akapsa amafa. Wodwala amamwa akufawo chifukwa thupi lake silingalimbane ndi amoyo. Koma munthu wathanzi akati amwe ophika, umayamba wawadzutsa ndi timadzi taawisi pang'ono, kuti matenda podutsa asanunkhize kuti m'nyumba muno muli wodwala n'kulowa. Amayi awo ankatero, agogo awo ankatero. Sikuti n'kusakaniza ayi. Ndi pang'ono chabe, ngati mchere m'ndiwo.

"Ndi a Charo omwe?" ndinafunsa.

"Makamaka a Charo. Mwana wathanzi ngati uja ndingamupatse bwanji..."

Sanamalize. Anandiyang'ana kumaso, kenaka anayang'ana kapu ija.

Ndinaika kapuyo pansi, n'kuwakhazika pamwala wa pafupi ndi mafuwa, ine n'kukhala pambali pawo. Ndinawauza pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi mwana amene walakwitsa samu imene waivutikira tsiku lonse. Ndinati moto umapha tizilombo tonse ta mumphika, koma chikho chimodzi cha mumtsuko chimabweretsa tatsopano, ndipo tizilomboti sitifuna kuchuluka kwa madzi kuti tilowe m'mimba. Ndinawauzanso zoona zake, kuti palibe munthu angalumbire kuti Charo anawatengera pamenepo matendawo. Mwina inali ntchentche, mwina dzanja la mnzake.

Anamva zonse. Maso awo anali pa kamulu ka mizu kamene kanatsala pakona.

"Nkhuni zonse zija, komadre," anatero. "Msana wonse uja."

Ndinawayalira mphasa, koma sindikhulupirira kuti anagona.

Nilda anafika m'mawa mwake, maso atatupa ndi ulendo ndi kulira. Anakhalitsa m'kati ndi mwana wake. Atatuluka anatipeza tonse atatu pamthunzi wa khoma la chipatala. Asananene kanthu Don Eleuterio anayamba kuteteza akazi awo. Anati mudzi wonse ndi mboni, utsi sunalekepo kufuka, nkhalambayi yatha ngati chingwe chifukwa cha nkhuni, iwo eni akhala akudya nyemba zosapsa poti moto wonse unkathera pa madzi a mfumukazi yaing'ono. Anati ngati pali woyenera kudwala ndi iwo, amene amamwa pamodzi ndi achule.

Nilda anamwetulira pang'ono, koyamba. Ndinaona kuti mtima wake wafewa. Anati nayenso ku Lima waona anthu osamala akudwala, ndipo mwina mwanayo anamwa kwa anzake osauza munthu. Anati chikwama sanabwere nacho. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, inu simunama. Ankaphikadi?"

"Tsiku lililonse," ndinatero, ndipo zinali zoona. Zotsalazo ndinaona kuti si zanga kuziyamba. Ndinayang'ana komadre wanga, ndipo ndinadziwa kuti akangokhala chete, Charo atsala.

Hermelinda anapukuta manja pa diresi ngakhale anali ouma.

"Ndinkawadzutsa, mwanawe."

Don Eleuterio anafunsa kuti ndiye vuto lili pati, poti aliyense amatero. Koma Nilda anamvetsa nthawi yomweyo. Anakulira m'khitchini imeneyo, ndipo anakhalanso m'kalasi yanga. Anatsamira khoma, natseka maso. Sanakalipe, ndipo ndikuganiza kuti kukalipa kukanakhala kopepukirapo.

"Amayi," anatero, "ndimutenga."

"Ndikudziwa."

Madzulo ake ndinawafunsa komadre wanga chifukwa chimene ananenera, popeza tsopano adziwa ndipo sangabwerezenso. Anatambasula dzanja lawo lamanja, lokhakhala, zala zopindika ndi thonje, n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

"Dzulo lija munaona ndikuganiza? Ndimakamba za bulangete. Dzanjali lakalamba nazo. Lero ndilikumbutsa, mawa ndilikumbutsa, tsiku lina ndidzatopa, lidzachita lokha. Anayi akwana."

Charo anakhala sabata ina kuti miyendo ilimbe. Hermelinda anamuchapira zovala zonse, anamusokera diresi la sukulu limene anali atayamba kale, ndipo anamuphunzitsa kuluka yekha tsitsi poti amayi ake azichoka m'mamawa. Mwanayo ankaganiza kuti akupita kukacheza. Anagawa nkhuku zake kwa agogo ake aamuna, imodziimodzi, n'kuwalangiza kuti Doña Felícita asamamukalipire chifukwa amakhumudwa msanga. Don Eleuterio anavula chipewa nalonjeza ngati ali m'tchalitchi, kenaka anati ali ndi madzi oti akatseke kumunda, ndipo kumsewu sanapite nawo.

Tinawaperekeza ife awiri. Basi inachedwa, ndipo panalibe mthunzi, choncho Hermelinda anaima kumbali ya dzuwa kuti chithunzithunzi chawo chigwere pa mwanayo. Nilda anawagwira dzanja amayi ake, nati pa Khirisimasi adzabwera naye. Iwo anavomera ndi mutu. Basi itafika zonse zinachitika mofulumira: katundu pamwamba, mwana pawindo, fumbi. Tinaima mpaka fumbilo litakhazikika.

Pobwerera tinkayenda pang'onopang'ono, n'kumapumira pamiyala. Sukulu inali pafupi kutsegulidwa, ndipo ndinali ndi nkhawa ya ana anga onse ndi ngalande ija. Makolo anali atagwirizana zoti azisonkha nkhuni, koma panalibe munthu woti azitereka mgolo wophikira madzi akumwa m'mawa. Ndinawauza komadre wanga zimenezi, osati kuti ndiwasangalatse, koma poti ndinkafunadi munthu. Ndinati kusukulu kulibe mtsuko wa madzi aawisi, ndipo chikho ndizisunga ine.

Tinayenda mpaka tinafika pamlatho wa matabwa wolowera m'mudzi. Pamenepo anaima, nagwira chitsulo cha m'mbali, akupuma mwabefu.

"Ana angati?"

Ndinawauza kuti ndi ambiri, kuposa chaka chatha.

"Ndidzabwera," anatero. "Koma osati sabata ino, komadre. Sabata ino ndatopa."